Kuseka Kwanga pa Manda a Shadreck

Lachiwiri, 10 Juni 2025

Buku ili ndi mankhwala, si zokonda zanga. Purity, mtsikana wa kukiliniki amene amatiwongola manja ife odwala sitiroko, wati ndizilemba tsiku lililonse kuti dzanja lamanjali likumbukire ntchito. Zilembo ngati papalasa nkhuku. Palibe kanthu, wowerenga ndine ndekha.

Ndilembe zadzulo.

Lusaka, ine ndi mwana wanga Lindiwe. Minibasi yam'mamawa, kuzizira kolowa m'mafupa. Kukamva zotsatira za sikani ya m'mutu. Dokotala wamkazi, wamagalasi, wamng'ono kwa Lindiwe. Anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Ubongo wanga ine Fanwell Sakala, zaka 67, koyamba kuonana nawo maso ndi maso. Analoza ndi cholembera. Kadontho kakuda, kosafika ngakhale njere ya nyemba. Ati apo ndi pamene sitiroko ya mu Malichi inawononga.

Ndinamufunsa mosazungulira: kodi kadontho aka kangaseketse munthu pamaliro a mng'ono wake? Anati inde. Osadzidzimuka ngakhale pang'ono. Ati anthu otere amawaona kawirikawiri, ena amaseka, ena amalira, onse osafuna. Ati chisoni munthu amachimvera mbali ina ya ubongo, kuseka ndi kulira zimatulutsidwa ndi mbali ina, ndipo pakati pali njira yokhala ndi mabuleki. Yanga yawonongeka pang'ono.

Ndinati ndiye kuti mapoyinti. Sanamve. Ndinamufotokozera kuti zaka 26 ndinali wosintha mapoyinti pasitesheni ya Kafue, zitsulo zija zolozera sitima njanji yoti ilowe. Sitima ili bwino, katundu wake woyenera, koma poyinti ikalakwika ikalowa njanji ya eni. Anamwetulira. "Ni vamene ivo, ba Sakala. Si vamizimu, ni ubongo chabe."

Sindine mfiti. Ndalemba, ndipo ndilembanso. Sindine mfiti.

Pobwerera ndinagona m'minibasi kuchokera ku Chilanga mpaka kutsika. Lindiwe akuti ndinachita mkonono mpaka kondakitala anadandaula.

Lachitatu, 11 Juni

Purity wati ndilembe chilichonse, ngakhale za nyengo. Ndilemba za pa 10 Meyi. Mwezi wathunthu sindinazinene kwa munthu.

Shadreck, mng'ono wanga yekhayo. Shuga, kenako impso. Masabata awiri m'chipatala, basi. Ndine ndinkamubereka kumbuyo tili ana m'komboni ya njanji. Ndine ndinamupezera ntchito kufakitale. Ndine ndinakamulankhulira kwa makolo a mkazi wake Ennie.

Kumanda. Akwirira, yafika nthawi yoika nkhata za maluwa. Woyendetsa mwambo akuitana mmodzimmodzi monga timachitira: mkazi wa malemu, ana a malemu, kenako akulu awo a malemu. Ndinayenda ndi ndodo yanga, khamu lonse lili zii. Ndinagwada. Ndinaika nkhata. Mumtima ndikuti, Shadi, wanditsogolera bwanji iwe mwana? Ndiye chinatuluka. Osati kumwetulira ayi. Chikhakhali chenicheni cha pamowa, mapewa kugwedezeka. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja, chinatulukira m'mphuno. Kwaya inasiya nyimbo pakati.

Mafoni m'mwamba. Anthu a masiku ano, nyumba yako ikamapsa amayamba ajambula kaye. Pofika madzulo vidiyo inali itazungulira Kafue yense, ku Estates mpaka kwa asodzi ku Chanyanya. Pansi pake mawu akuti mdala wadya mng'ono wake, onani mmene akukondwerera.

Fines, mlongo wake wa Ennie, anandigwira jekete pakhosi. Pakanapanda Lindiwe kulowa pakati, kaya. Ennie anangondiyang'ana, duku lakuda lili kumutu.

Chopweteka kwambiri n'chakuti inenso ndinayamba kukhulupirira. Paja amati munthu ukhoza kukhala mfiti osadziwa, anzako n'kumakugwiritsa ntchito uli m'tulo. Ndinkadzifunsa, ngati amene anaseka uja si ine, ndani? Mwezi wathunthu ndikudziopa ndekha.

Pa 28 mwezi uno banja likumana kunyumba ya malemu ku Estates, kukagawa zovala zake. Mwambo wake, mkulu wa malemu ndiye amatsegula sutikesi n'kulankhula. Ndine ameneyo. Fines walengeza kale kuti tsiku lomwelo apempha banja lipite kwa mneneri wina wa kumtsinje, akatchule amene anapha Shadreck. Akatchulanso ndani, vidiyo ili kale m'foni mwake? Ndipo dzina la nkhalamba likatchulidwa choncho, miyala imayamba kugwa padenga. Tinazionapo m'tauni muno.

Kalata ya dokotala ndili nayo. Atsala masiku 17.

Lachisanu, 13 Juni

Dainess wabwezera bulangete lake kuchipinda kwathu.

Kuyambira tsiku la maliro mkazi wanga amagona m'chipinda chakale cha Lindiwe, ati msana ukufuna matiresi olimba. Zaka 39 m'banja, msana wake ndikuudziwa. Unali mantha.

Lindiwe anajambula sikani ija pafoni. Dzulo anawakhazika amayi ake n'kuwaonetsa. Dainess anayang'ana nthawi yaitali, akukulitsa chithunzi ndi zala zonunkha nsomba. Kenako: "Kanthu kang'ono so, ndiye kanatithawitsa makasitomala?" Iye amagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo anthu akhala akudutsa patebulo lake ngati palibe munthu.

Lero waulula. Mwezi wonsewu wakhala akundidonthezera mafuta odzozedwa a kutchalitchi kwawo mu tiyi. Ine ndimati masamba a tiyi a masiku ano ndi oipa, mpaka ndinakakangana ndi mwini shopu. Ndinakwiya pang'ono. Kenako ndinaona kuti munthu akulira, ndiye ndinangoti chabwino, koma lero ndipatse tiyi wopanda Mzimu.

Mapiritsi a dokotala ndayamba. Kamodzi patsiku, kaching'ono. Ati amathandiza ambiri koma amatenga masabata kuti agwire, ndisayembekeze zozizwitsa pofika pa 28.

Ndadya mbale ziwiri. Chakudya chayambanso kukoma.

Lolemba, 16 Juni

Kukiliniki. Kufinya kampira, kutola timabatani patebulo, kukweza mkono. Munthu amene ndinkakankha chitsulo cha poyinti ndi dzanja limodzi, lero thukuta chifukwa cha batani la malaya.

Ndinamuuza Purity za pa 28. Anamvetsera, osandidula. Kenako ati andiphunzitsa kukhala chete. Ndinati kukhala chete ndimadziwa, ndili pabanja. Sanaseke. Mtsikana ameneyu ndi wouma mtima.

Ati ndizikhala pampando mphindi khumi m'mawa uliwonse, maso otseka, kumangomvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Maganizo akathawa, kuwabweza ku mpweya. Basi. Ndinati zimenezo ndinaziona pa TV, anthu opinda miyendo atavala nsalu, ine mawondo anga anatha ndipo chipembedzo ndili nacho kale. "Kulibe kupinda mendo, ba Sakala, na ine nimapemphela. Ni ekisasaizi chabe, monga kampila aka."

Anandiuza zoona, ndipo ndinamukonda chifukwa cha chimenecho. Ati kadontho kaja sikadzachoka chifukwa cha kupuma. Koma kuseka kuja sikugwa kumwamba, thupi limayamba lachenjeza, ndipo munthu wozolowera kudzimvetsera amamva chenjezolo msanga. Atinso thupi lomangika ndi mantha ndiye limaphulika mosavuta.

Ndavomera. Ndikanatani, kuli njira ina?

Lachiwiri, 17 Juni

Ndayesa. Mpando pansi pa mgwafa kuseri kwa nyumba, dzuwa likungotuluka, jekete ndi chipewa.

Mpweya woyamba ndinaumva. Wachiwiri ndinaumva. Wachitatu ndinali kale ku Chipata, kumanda a bambo, kuganiza ngati mwala unagwa. Kubwerera. Mpweya umodzi. Fines, ndi mawu amene ndikanamuyankha tsiku lija. Ndinamuyankha bwino kwambiri, mpaka anagwada. Kubwerera. Denga la kubafa likudontha. Nyimbo ya pawailesi ya 1984. Mwendo kuyabwa. Finesnso.

Ndinatsegula maso ndikuti mphindi khumi zakwana kalekale. Zinali zinayi.

Zaka 67 ndikuyenda ndi mutu uwu, osadziwa kuti muli phokoso chonchi. Ndimati ndine ndimaganiza. Ayi ndithu, maganizo amangobwera okha, osagogoda, ine ndimangowalandira. Ndiye ngati ngakhale maganizo sindiwaitana, n'chifukwa chiyani ndinkadziweruza kuti kuseka kuja ndinakuitana?

Funso limeneli landisangalatsa tsiku lonse. Ndamuuza Dainess, wati ndimwe phala lisanazizire.

Lachinayi, 19 Juni

Nkhani yatuluka. Deborah wa nyumba yoyandikana nafe wandiona pampanda masiku atatu, nditakhala osagwedezeka, maso otseka, milomo ikuyenda pang'ono. Ine ndimawerenga mpweya. Iye wauza msika wonse kuti ndikulankhula ndi a pansi pa madzi.

Dainess, m'malo momukalipira, wabweretsa abusa ake. Owen, mnyamata wa zaka za Lindiwe, suti yonyezimira, nsapato zosongoka. Waulemu ndithu, anandipatsa moni ndi manja awiri. Ati angondipempherera pang'ono. Ndinavomera chifukwa cha mkazi wanga.

Anandigwira pamutu. Anayamba bwino, mofatsa. Kenako mawu kukwera. "Iwe demoni ya kuseka, nikufunsa zina yako!" Zii. Anafunsanso. Tambala wa Deborah, amene anali pampanda, ndiye anayankha.

Ndinaseka. Misozi mpaka kutsamwa. Dainess anagwira pamutu, abusa anabwerera m'mbuyo ndi Baibulo patsogolo. Koma ine pakati pa kusekako ndinazindikira chinthu. Kuseka uku kunali kwanga. Kunayambira m'mimba, kunali kotentha, ndipo mtima unali nawo limodzi. Kuja kwa kumanda kumayambira pachifuwa, kouma, ine ndili kumbali ndikungoonerera. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo tsopano ndikutha kuzisiyanitsa.

Nditapuma ndinawaonetsa abusa kalata ndi chithunzi. Anawerenga mpaka pansi, sindimayembekezera. Ati agogo awo atadwala sitiroko ankalira nthawi iliyonse akapatsidwa chakudya, banja linkati akukana kudya. Kenako anapemphera kachiwiri, motsitsa mawu, kupempherera dzanja langa. Ndinati ameni ndi mtima wonse.

Abusa ati Lamlungu auza mpingo kuti ba Sakala akudwala, asiye kutumizirana vidiyo ija. Tiona.

Loweruka, 21 Juni

Mphindi khumi zakwana koyamba.

Chapakati phokoso linachepa. Njiwa padenga, sitima ya katundu kutali ikuwoloka mlatho, mphepo yozizira m'mphuno. Kenako Shadi. Osati wa m'chipatala wotupa miyendo uja. Wa zaka zisanu ndi chimodzi, kabudula wong'ambika kumbuyo. Tinkaika misomali panjanji kuti sitima ikadutsa iiphwanye, tipange timipeni. Iye ankaopa, ankabisala kumbuyo kwanga atagwira malaya anga, koma ndiye ankayamba kuthamangira msomali ukadali wotentha, n'kupsa zala, n'kulira, mawa lake chimodzimodzi.

Misozi inabwera. Yabwinobwino, yachete, yoyenda njanji yake. Koyamba kumulira mng'ono wanga ngati munthu, patatha milungu isanu ndi umodzi. Sindinapukute. Deborah ngati anali pampanda, akanene kuti a pansi pa madzi andikana.

Ndakhala wopepuka tsiku lonse. Ndakonza chitseko cha khola la nkhuku ndi dzanja lamanzere, chapendekeka koma chikutsekeka.

Lolemba, 23 Juni

Ndachipeza chenjezo lija.

Ndinaperekeza Dainess kumsika, koyamba kuchokera pamaliro. Maso a anthu, koma ochepa kuposa mmene ndinkaopera. Mayi wina wa kutchalitchi kwa Dainess anandipatsa moni, n'kugula nsomba. Abusa aja analankhuladi.

Ndili pabenchi pafupi ndi masitolo, inadutsa lole ya maliro. Amayi kumbuyo atavala zitenge zofanana, akuimba nyimbo yomwe ija inaimbidwa kwa Shadi. Ndiye ndinamva. Kukoka pansi pa nthiti kumanzere, ngati ntchofu ikufuna kubwera. Kenako masaya kutentha. Zimenezi zakhala zikuchitika nthawi zonse, ine osaziona.

Ndinachita zimene Purity ananena. Mapazi onse pansi, mapewa kumasula, mpweya kutulutsa pang'onopang'ono ngati ndikuuzira tiyi. Kamodzi, kawiri, kasanu. Chinakwera mpaka pakhosi. Chinatulutsa kamawu kamodzi kokha, ngati kutsokomola. Kenako chinabwerera.

Lole inapita. Palibe anatembenuka. Ndinakhala pamenepo ndikusangalala ngati mwana, munthu wamkulu, chifukwa choti sindinaseke. Ndinagula chinangwa chootcha, ndinadya ndekha osagawira munthu.

Lachitatu, 25 Juni

Ndinadzitama msanga.

Dainess anapsa ndi madzi otentha pamkono m'mawa. Anakuwa, ndinathamangira kukhitchini, ndipo ndisanamve chenjezo lililonse chinali chitatuluka kale. Mkazi wanga akuvutika ndi ululu, ine ndili pakhomo kikiki. Ndinamuthira madzi ozizira ndikuseka. Ndinaona nkhope yake. Kudziwa za kadontho n'kwina, kusekedwa utapsa n'kwina.

Ndiye Loweruka zikhala bwanji? Sutikesi ya Shadi, fungo lake, anthu makumi atatu akundiyang'ana pakamwa.

Ndinapita kwa Purity ngakhale silinali tsiku langa. Ndinati kupuma kwako kwalephera. Ati sikunalephere, sanandilonjeze kuti ndizipambana nthawi zonse. "Muwauze mukalibe kuyamba. Mukambe kuti chingabwele, chikabwela mudikile, chizasila." Ndinati ine ndiime pamaso pa azilamu anga, ndilengeze kuti mutu wanga ndi wowonongeka? Ati asankhe okha chimene akufuna kukhulupirira, koma asadzanene kuti sanauzidwe.

Ndabwerera wokwiya. Mwina chifukwa akunena zoona.

Mkono wa Dainess watuluka chithuza chimodzi. Ndamumanga ndine, ndi mano ndi dzanja lamanzere.

Lachisanu, 27 Juni

Suti yasitidwa. Kalata m'thumba lam'kati. Lindiwe wafika kuchokera ku Lusaka kumene amakhala.

Ndakhala kawiri lero, m'mawa ndi masana. Mantha alipo. Ndawaona pamene amakhala: m'mimba ndi m'zikhatho. Ukawayang'anitsitsa sachoka, koma sakulanso.

Loweruka, 28 Juni

Ndabwera wamoyo. Ndilembe dzuwa lisanalowe, ndisanaiwale.

Pabalaza pa Shadi mipando atatulutsa, amayi pamphasa, abambo m'mbali mwa khoma. Ennie pakona, zovala zakuda, maso pansi. Fines pafupi ndi chitseko, manja atapinda. Masutikesi awiri pakati.

Ndinaima. Ndinayamba ndi chimene ndinkakana. Ndinati abale anga, ndisanatsegule katunduyu, mudziwe kuti ndinadwala sitiroko ndipo inandisiyira chilema chimene sichioneka. Chisoni chikandigwira, nthawi zina pakamwa panga pamatuluka kuseka. Chikabwera lero musathawe, ndipo ine sindithawa. Lindiwe anawerenga kalata, n'kumasulira. Fines anati madokotala amalemba chilichonse.

Ndinatsegula sutikesi yoyamba. Masuti kwa ana aamuna, malaya kwa asuweni. Kawiri konse chinakoka pansi pa nthiti, kawiri konse ndinaima, kupuma, chinabwerera. Anthu akudikira, ine ndikuuzira tiyi wosaoneka. Ndinayamba kuganiza kuti ndadutsa.

Sutikesi yachiwiri, pansi penipeni, nsapato zake za kuntchito. Chidendene chakumanja chodyeka mbali imodzi, chifukwa Shadi ankayenda mopendekera kuyambira ali mwana. Ndinali pakati pa mawu, ndikuti nsapato izi zipite kwa, ndiye chinaphulika.

Choipa kuposa cha kumanda, chifukwa m'nyumba mawu amamveka kwambiri. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. Koma sindinatseke kumaso, sindinatuluke. Ndinaima pomwepo nsapato zili m'manja, pakamwa pakuseka, misozi ikugwera pansapato. Ndinkawayang'ana mmodzimmodzi kuti aone maso anga. Dainess anadzuka n'kudzaima pambali panga ndi mkono wake womanga. Lindiwe akuti sichinathe ngakhale mphindi imodzi. Kwa ine chinali chaka.

Chitatha ndinapukuta kumaso n'kumaliza mawu anga pamene ndinasiyira: kwa mwana wake woyamba.

Azakhali athu okalamba a ku Katete anati, "Uyu ni matenda, taonani maso." Ena anavomera. Fines anaimirira, ati zimenezi ndi zisudzo, banja lipite kumtsinje basi. Akulu anati mwini nkhani ndi mkazi wa malemu, anene yekha. Onse kutembenukira kwa Ennie.

Ennie anati wamva, adzayankha tsiku lina. Basi. Nkhope youma, osandiyang'ana.

Ndiye sizinathe. Koma ndachita mbali yanga, ndipo mtima uli m'malo kuposa mmene ndimaganizira. Ambiri anandigwira chanza potuluka. Njala yandigwira kwambiri.

Lachiwiri, 1 Julayi

Masiku awiri sindinalembe. Kudikira, foni ili patebulo.

Lero m'mawa ndili pampando wanga, maso otseka, ndinamva geti. Ndimati Dainess waiwala china popita kumsika. Kutsegula maso, Ennie. Yekha, wopanda Fines, wopanda mwana. Anakana kulowa m'nyumba. Ndinamutengera mpando wina.

Tinapatsana moni, tinafunsana za ana. Kenako anayamba kupotokola nsonga ya chitenge.

"Ba mulamu, ine sininalile."

Sindinamve bwino. Anabwereza. Ati kuyambira tsiku limene Shadi anamwalira m'manja mwake, msozi ngakhale umodzi sunatuluke. Pamaliro amayi atamuzungulira pamphasa, aliyense wobwera kudzalira akuyembekeza kuti mkazi wa malemu amulandire ndi kulira, iye ankangotulutsa mawu atafunda chitenge kumaso. Masiku atatu, mawu okha. M'kati muli gwa. Ankanyowetsa chala m'kapu n'kudzipaka m'masaya kuti azakhali asamunene. Mwamuna amene anakhala naye zaka 31, amene ankamukonda.

Ndiye kumanda, ine nditagwada pafupi naye n'kuyamba kuseka, iye anaganiza chimodzi chokha. "Nenze niganiza kuti mwaniona. Kuti museka ine." Fines atayamba za ufiti, iye anangokhala chete, chifukwa maso onse anachoka pa iye n'kubwera kwa ine. Masabata asanu ndi awiri wandisiya ndinyamule zimenezo. Ananena yekha choncho, ine sindinamufunse.

Ndimayembekeza kuti ndikwiya. Ndinaufunafuna mkwiyo m'mimba, m'zikhatho. Munalibe. Munali chisoni chokha, kuti tonse awiri takhala tikubisala m'tauni imodzi, aliyense akudziyesa chilombo.

Ati dzulo iye wamuimbira Fines n'kumuuza kuti palibe wopita kumtsinje, ndipo akapita yekha asadzapondenso pakhomo pake. Kenako anafunsa chimene anadzera: ngati dokotala wanga uja angamuone nayenso, mwina m'mutu mwake mulinso kadontho.

Ndinati ine si dokotala. Lachinayi tipite limodzi kukiliniki tikafunse. Koma ndinamuuza kuti inenso misozi yanga yeniyeni inachedwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo inandipeza pampando pomwe pano, ndisakuifuna. Anafunsa kuti ndimachita chiyani pamenepa, poti wamva za pansi pa madzi. Ndinamuonetsa. Mapazi pansi. Maso otseka. Mpweya kulowa, mpweya kutuluka. Palibe wokuyang'ana, palibe chimene ukuyenera kumva.

Tinakhala. Njiwa, minibasi kumsewu, wailesi ya Deborah. Sindikudziwa mphindi zingati. Ndinamva mpweya wake ukuyamba kudukaduka. Kenako kamawu kakang'ono, kosafanana n'komwe ndi kulira kwa pamaliro kuja. Kenako zonse. Anawerama mpaka mutu pamawondo, akuitana dzina lake.

Ine pomwepo kukoka pansi pa nthiti. Masaya kutentha. Ndinati ayi, osati pano, osati pa mayi uyu. Ndinapuma, sichinamve. Ndinagwira ndodo kuti ndidzuke ndikabisale kuseri kwa khola.

Anandigwira mkono osadzutsa mutu. "Nkhalani, ba mulamu. Nidziwa kuti mulila."

Ndinakhala. Ndinachisiya chituluke chonse, osatseka pakamwa. Iye akulira, ine ndikuseka, tonse tikulira munthu mmodzi.

Wati abweranso mawa nthawi yomweyo. Ndisalowetse mpando.